Kulondola Bele: Poyambira Munthu Akafuna Mbiri ya Makolo Ake

Pa msonkhano wa mtundu, anthu awiri osadziwana akakhala pa mphasa imodzi, moni ukangotha pamabwera mafunso awiri amene makolo sankawadumpha: kwanu n'kuti, nanga mfunda wanu ndani? Achikulire amayankha mosajejema. Amatchula mudzi, mfumu yake ndi mtsinje umene amamwa, kenaka mayi amene anawabala ndi mayi wa mayiyo, mpaka wofunsayo atapeza pogwira n'kunena kuti, "Ndiye kuti ndinu asuweni anga." Achinyamata ambiri, makamaka obadwira ku Lilongwe, ku Lusaka, ku Harare kapena ku Johannesburg, amathera pa dzina lolembedwa pa chiphaso ndi dzina la boma limene makolo awo anachokera. Ena a iwo amachoka pa mwambo ngati uno mtima uli dyokodyoko kufuna kudziwa zambiri, ndipo ganizo lawo loyamba limakhala lopita ku ofesi ya boma kapena kufufuza dzina la bambo pa intaneti. Njira imeneyi imamusocheretsa Mchewa, chifukwa mapepala amalondola bambo pamene mbiri ya banja lachichewa imayenda ndi mayi.

Mchewa ndi wa bele la mayi ake. Ana a mayi mmodzi, ana a ana ake aakazi, ndi zidzukulu zobadwa mwa akaziwo, onsewa ndi bele limodzi, ndipo mayi woyambayo ndiye tsinde. Akazi a m'belemo pamodzi ndi ana awo ndiwo mbumba, imene imayang'aniridwa ndi mlongo wawo, mwinimbumba, amene kwa anawo ndi atsibweni kapena kuti malume. Iyeyu ndiye nkhoswe pa ukwati, woyankha pa mlandu ndi wolamula pa maliro. Bambo, pa ukwati wa chikamwini, anali mlendo wolemekezeka m'mudzi wa mkazi wake. Ukwati ukatha kapena mkazi akamwalira, ankabwerera kwawo kumene nayenso anali ndi mbumba yake yomudikira. Munda, malo a kumanda ndi dzina la ufumu zinkatsika m'bele. Ngakhale ufumu waukulu wa Amaravi unayenda motero. Kalonga ankachokera mwa Aphiri kudzera mwa Nyangu, mayi wa ufumuwo, pamene mkazi wake wamkulu, Mwali, anali wa Abanda, kotero kuti ana obala Kalonga sankalowa ufumu wa bambo wawo.

Chosokoneza n'chakuti mfunda umene munthu amadziwika nawo lero, monga Banda, Phiri, Mbewe, Mwale kapena Nkhoma, nthawi zambiri ndi wa bambo. Ofufuza ambiri amati chizolowezi chotenga chiwongo cha bambo chinafala pamene Achewa anayamba kukhalirana ndi Angoni, ndipo pambuyo pake sukulu, mpingo ndi kaundula wa msonkho zinachikhazikitsa. Moyo wa Dr. Hastings Kamuzu Banda ukuonetsa bwino momwe pepala ndi mwambo zimasiyanirana. Dziko lonse linawadziwa ndi mfunda wa bambo awo wa Banda, koma mayi awo anali Naphiri wa ku Kasungu, ndipo pamene ali mnyamata anayenda pansi kupita ku Southern Rhodesia, munthu amene anakakhala naye ku Hartley n'kupita naye limodzi ku South Africa anali atsibweni awo, Hanock Msokera Phiri. Dzina la Hastings analitenga pa ubatizo. Tsiku lawo lobadwa limene boma linkakumbukira linali 14 May 1906, koma olemba mbiri ambiri amati anabadwa cha m'ma 1898. Ngati zaka za mtsogoleri wa dziko zinasemphana ndi zaka zisanu ndi zitatu, wofufuza asadabwe akapeza kuti chitupa cha agogo ake chikunama.

Choncho khomo loyamba kugogoda ndi la mayi wachikulire koposa onse m'mbumba, ndipo lachiwiri ndi la atsibweni. Amuna amadziwa milandu, malire a minda ndi mndandanda wa mafumu. Koma akazi ndiwo anali m'chikuta pamene mwana ankabadwa, ndiwo ankagona m'siwa pa maliro, ndipo ndiwo amakumbukira khanda limene linapita lisanapatsidwe dzina, kapena mtsikana amene anatengedwa chitengwa kumudzi wakutali osadzabwereranso. Wofufuza asafike ngati wolemba kalembera, pensulo m'manja ndi mafunso ondondozana. Apite ndi kamchere, shuga kapena chitenje, agone masiku awiri kapena atatu, athandize kuswa mtedza pakhonde, pakuti nkhani zambiri zimatuluka manja ali pa lichero. Foni yojambula mawu ndi chida chabwino kwambiri chimene m'badwo uno uli nacho, koma iyatsidwe agogowo atavomera, ndipo izimitsidwe akanena kuti izi ndi za m'nyumba.

Funso lakuti "kodi tinachokera kuti?" lisungidwe kaye, pakuti yankho lake n'lokonzeratu: ku Uluba m'dziko la Congo, kudzera pa Kaphirintiwa, mpaka ku Mankhamba kufupi ndi Mtakataka. Imeneyo ndi mbiri ya mtundu wonse, imene Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, anailemba m'buku lake la Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940 atafunsa akuluakulu ambiri. Bukulo linawerengedwa kwambiri moti nkhalamba ina ikhoza kubwereza za m'bukumo poyesa kuti inazimva kwa agogo ake. Mafunso amene amabala zipatso ndi aang'onoang'ono. Mayi anu anabadwa angati m'mimba mwa mayi awo? Wachisamba anali ndani, nanga mzime ndani? Mudzi uno usanakhale pano unali pati? Agogo anu anaikidwa m'manda ati? Mafunso omwewo akafunsidwenso kwa wachikulire wina, payekha, tsiku lina. Pamene mayankho asiyana, onse awiri alembedwe, pamodzi ndi dzina la wonena ndi tsiku limene ananena.

Misampha ya m'nkhani za pakamwa ilipo ingapo, ndipo woyamba uli m'chinenero chenichenicho. Mawu achibale a Chichewa ndi otakata. Amayi aakulu ndi amayi aang'ono onse ndi amayi, ndipo ana awo ndi abale ndi alongo. Agogo akati "uje anali mchemwali wanga", wofufuza afunse mwaulemu ngati anali a mimba imodzi. Afunsenso kuti bele lalikulu ndi liti, laling'ono ndi liti, chifukwa mikangano yambiri ya ufumu ndi ya minda imene imafika pa bwalo imazungulira pamenepa. Kuyambira pamene lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yolembetsa malowo m'kaundula m'dziko la Malawi, kudziwa kuti ndani anabadwa mwa ndani kwaleka kukhala nkhani yongocheza madzulo.

Mayina nawo ali ndi vuto lawo. Munthu mmodzi ankatha kukhala ndi dzina la paubwana, dzina la kuchinamwali, dzina la ubatizo ndi dzina la kuntchito. Popeza kutchula dzina lenileni la munthu wamkulu ndi mwano, mayi ankatha moyo wake wonse akuitanidwa Nabanda, Nambewe kapena make a uje, ndipo adzukulu ake omwe sankalidziwa dzina lakelo. M'mudzi umodzi a Naphiri akhoza kukhalamo khumi. Njira yowasiyanitsira ndi kulemba pambali pa aliyense dzina la mwamuna wake, la mwana wake wachisamba ndi la mudzi umene anafera.

Msampha wozama koposa ndi wa kulowa dzina. Wolowa ufumu amatenga dzina la womwalirayo pamodzi ndi ubale wake wonse, kotero kuti amene anali atsibweni ake akhoza kusanduka adzukulu ake pa mwambo. Mfumu ikhoza kunena mosanama kuti, "Amene ndinayamba kudula mitengo pano ndine," ikutanthauza kholo limene linafika pamalopo Angoni asanabwere. Dzina limodzi likhoza kubisa anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, monganso dzina la Kalonga, la Undi ndi la Mwase lavalidwa ndi anthu ambiri m'mibadwo yotsatizana. Wosasamala apa amalemba kuti kholo lake linakhala ndi moyo zaka 150. Pa dzina lililonse la ufumu afunse kuti anali wachingati, mayi ake anali ndani, ndipo anaikidwa kuti.

Zaka sizinkawerengedwa ndi manambala, koma makolo anali ndi kalendala yawo ya zochitika, ndipo wofufuza aiphunzire asananyamuke. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi tsiku la kadamsana mu November 1835. Nkhondo ya Angoni a Mpezeni ndi Angelezi inachitika mu 1898. Nkhondo ya Chiwaya, imene inatenga amuna ambirimbiri kukhala asilikali ndi amtengatenga, inali ya 1914 mpaka 1918, ndipo pakati pake John Chilembwe anaukira atsamunda mu January 1915. Mliri wa fuluwenza unafika kumapeto kwa 1918. Njala yaikulu inagwa mu 1949, Chitaganya chinayamba mu 1953, kumangidwa kwa atsogoleri a Congress kunali mu March 1959, ufulu unabwera mu 1964, ndipo kwacha inalowa m'malo mwa paundi m'Malawi mu 1971. Mayi amene akuti pa njala ya 1949 anali atangotha msinkhu anabadwa cha pakati pa zaka za m'ma 1930, ndipo umboni umenewo ndi wolimba kuposa chaka chimene mlembi anayerekeza pomuyang'ana kumaso.

Mudzi umasamuka koma manda sasamuka. Midzi yasuntha chifukwa cha nthaka yoguga, nkhondo, mikangano, minda ikuluikulu ya fodya, ndiponso kumangidwa kwa likulu la dziko ku Lilongwe. Koma nkhalango ya manda imakhala pomwepo kuloza bwinja la makolo. Kumanda sikupitidwa mwachisawawa. Pakati pa Achewa malowa ali m'manja mwa mfumu ndipo amakhudzana ndi dambwe, choncho mlendo apemphe chilolezo ndipo apite ndi adzukulu, amene amakumba mandawo ndi kudziwa kuti pansi pa mtengo uti pagona yani. Ziliza zolembedwa mayina ndi zaposachedwa. Chaka cha imfa cholembedwa pa chiliza nthawi zambiri chimakhala choona, koma chaka chobadwa chimakhala chongoganizira.

Pali malo ena pamene agogo amayamba kutsokomola ndi kusintha nkhani, ndipo wofufuza ayenera kudziwa chifukwa chake. Zaka za m'ma 1800 zinali za chipwirikiti. Ajumbe ku Nkhotakota ankawolotsa akapolo pa nyanja, Achikunda ankasaka anthu ndi minyanga kuchokera ku Zambezi, Angoni ankagwira amuna ndi akazi pa nkhondo, ndipo mabanja ena ankapereka mwana ngati chikole pa mlandu kapena kumusinthanitsa ndi chakudya pa njala. Mkazi wobwera motere analibe nkhoswe, choncho ana ake ankakhala a mudzi wa bambo wawo, ndipo pakapita mibadwo iwiri ankawerengedwa ngati bele laling'ono la eni mudziwo. Wolemba mbiri Kings Phiri, amene anafufuza kwambiri za Achewa a m'chigawo chapakati, analemba za momwe ukapolo ndi nkhondo zinasinthira banja lachichewa m'zaka zimenezo. Midzi inasankha dala kuiwala zina mwa zinthuzi kuti anthu akhalire pamodzi, ndipo kutchula mnzako kuti kapolo ndi mlandu pa bwalo mpaka lero. Wopeza kuti tsinde lake linali mayi wogwidwa pa nkhondo asafufute dzina la mayiyo, pakuti iyeyo anapirira zimene ambiri sanapulumuke, ndipo bele lonse liripo chifukwa cha iye. Koma wopeza zoterezi za bele la mnzake atseke kope lake. Kunena zoona, chiyeso chofala kwambiri ndi chotsutsana ndi ichi: aliyense wa mfunda wa Phiri amafuna kudzipeza ali mdzukulu wa Kalonga, ndipo mndandanda umene wafika msanga ku ufumu uyenera kukayikiridwa kawiri.

Mawu a pakamwa akasonkhanitsidwa, mpamene mapepala amayamba kuthandiza, chifukwa tsopano wofufuza akudziwa mayina ndi midzi yofunika kuyang'ana. Asayembekezere chikalata chobadwira cha agogo ake. Lamulo la atsamunda la 1904 linkakakamiza kulembetsa kubadwa kwa anthu amene sanali Aafirika okha. Kulembetsa mwana aliyense kunakhala kokakamiza m'Malawi kuyambira mu 2015, ndipo ziphaso za unzika zinaperekedwa kwa anthu ambiri mu 2017. Makaundula akale koposa a anthu wamba ali ku mipingo. Amishoni a Dutch Reformed anayamba ku Mvera mu 1889, ku Nkhoma mu 1896 ndi ku Magwero, pafupi ndi Chipata, mu 1899. Ansembe a White Fathers anakhazikika ku Mua mu 1902 ndi ku Kachebere mu 1903, ndipo a UMCA anali pa chilumba cha Likoma kuyambira mu 1885. Kaundula wa ubatizo ndi wa ukwati amatchula makolo, mudzi ndi mboni, ndipo m'makaundula akale a Chikatolika mayina achikhristu amatha kupezeka m'Chilatini, Petulo atalembedwa Petrus. Chofunika kufunsa kumudzi n'chakuti nthawi imeneyo anthu ankakabatizidwa ku mishoni iti, popeza mpingo umene uli pafupi lero mwina unabadwa dzulodzuloli. M'nyumba momwemo musanyozedwe: chikuto cha Buku Lopatulika, khadi la mpingo, chitupa cha msonkho, kalata yochokera ku Joni ndi chithunzi chakuda cha ukwati zimapezeka pansi pa sutikesi ya agogo.

Zolembedwa za boma zimasungidwa ku National Archives of Malawi mu mzinda wa Zomba, imene inayamba mu 1947, ndi ku National Archives of Zambia ku Lusaka. Zambiri za zaka zoyambirira za Nyasaland zinapsa ndi moto umene unagwira maofesi a boma ku Zomba mu 1919. Zothandiza kwambiri ndi mabuku a m'maboma amene ma DC ankalembamo mbiri za mafumu, mindandanda ya midzi ndi mikangano ya ufumu. Awerengedwe mochenjera, pakuti mzungu ankalemba zimene womasulira wamuuza, ndipo womasulirayo nthawi zina anali ndi mbali pa mlanduwo. Mayina a malo akhale akale: Chipata ndi Fort Jameson, Mchinji ndi Fort Manning, Mangochi ndi Fort Johnston, Nsanje ndi Port Herald, Nkhotakota ndi Kota Kota, Ntcheu ndi Ncheu. Kalembedwe nako kanali kena. Achewa ankalembedwa Acewa, ndipo dzina loyamba ndi Ch likhoza kupezeka pa C yekha.

Malire a mayiko anadula mabele pakati. Pangano la Angelezi ndi Apwitikizi la 1891 linagawa dziko la Achewa popanda kufunsa mfumu ina iliyonse, ndipo likulu la Undi lenilenilo linali ku Mano m'dziko la Mozambique lisanasamukire ku Northern Rhodesia m'zaka za m'ma 1930. Banja la ku Dedza, ku Mchinji kapena ku Katete likalondola mibadwo inayi, kawirikawiri limapezeka litawoloka malire kulowa m'chigawo cha Tete, kumene mayina analembedwa m'kalembedwe ka Chipwitikizi.

M'mndandanda wa pafupifupi mbumba iliyonse muli mwamuna amene nkhani yake imathera pa mawu akuti "anachona". Msonkho wa nyumba umene atsamunda anayambitsa m'zaka za m'ma 1890 unatuma amuna ku minda ya ku Halale, ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia ndi ku migodi ya golide ya ku Joni, ena pansi, ena kudzera ku Mthandizi ndi ku Wenela. Ulendo wa Wenela unaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Bungwe la TEBA ndilo linapitiriza ntchito ya Wenela, ndipo nambala ya munthu ya ku mgodi, ngati ili pa chikalata china m'nyumba, ndi yamtengo wapatali kuposa dzina, chifukwa kuntchito ambiri ankapatsidwa mayina achilendo monga Supuni kapena Sikisipensi. Asilikali a Keyala nawonso ankadziwika ndi nambala. Machona ambiri anakwatira kumene anapitako, ndipo zidzukulu zawo zili ku Mbare, ku Kitwe ndi ku Soweto, zina zikungodziwa dzina la mfumu ndi dzina lakale la boma. Kwa iwowa mwambo wa bele unagwira ntchito mowawa: kwa mayi awo achishona kapena achizulu mwana ndi wa bambo, pamene kwa bambo awo achichewa mwana ndi wa mayi, kotero anakhala opanda mbali yowatenga ngati eni. Mdzukulu wotere akafika pa mudzi ndi dzina limodzi lokha m'manja, aperekezedwe kwa mfumu, ndipo mfumu iitane amayi achikulire, pakuti ndiwo amakumbukira mlongo wawo amene anapita.

Zonse zikapezeka zilembedwe m'kope lachikuto cholimba, tsinde pamwamba, ana ake pansi pake motsatana ndi kubadwa kwawo, mwana wamkazi aliyense ndi tsamba lake, ndipo mbali ya bambo ikhale ndi kope lakelake. Masambawo ajambulidwe pa foni n'kutumizidwa kwa abale a m'tauni ndi akunja, chifukwa chiswe ndi denga lodontha zawononga zambiri. Kopelo likawerengedwe mokweza pamene mbumba yasonkhana, monga pa tsiku lomanga chiliza, ndipo wowerengayo akhale ndi pensulo, popeza asanamalize tsamba loyamba padzakhala mayi wina kumbuyo amene adzakweze mawu kuti uje sanali wachiwiri kubadwa, anali wachitatu. Pansi pa dzina la aliyense amene anachona pasiyidwe mizere ingapo yosalemba.